Chimene Chinkadzaza Seva

"Zithunzi za ana anga ndinafufuta kale, ndiye musandiyang'ane ngati sevayo ndameza ndine," anatero Make Mapasa, akuika ketulo patebulo mwamphamvu moti chivundikiro chinadumpha.

Mwamuna wake sanafulumire kuyankha. Anali ndi chizolowezi chotafuna kaye buledi mpaka athe, kuti woyankhidwayo amve kulemera kwa mawu amene akubwera. Atameza anakumbutsa mkazi wake kuti dzulo sitolo inagulitsa tsiku lonse popanda risiti, kuti ogula simenti anaima pamzere mpaka mumsewu, ndiponso kuti makina sanama. Akanena kuti malo atha ndiye kuti wina wawadya, ndipo m'sitolo monse munthu wokhudza seva, bokosi la kompyuta losungira zonse za sitolo, analipo mmodzi yekha, mkazi wakeyo.

"Mukanakhala kuti bambo anu mumawadera nkhawa ngati mmene mukuderera bokosilo, bwenzi madalawo atanenepa," anatero mkaziyo.

"Bambo ndimawaona m'mawa uliwonse," anayankha mwamunayo, akugogoda foni yake ndi chala. "Lero ndawaona kale. Akhala pabedi, ali bwinobwino. Inu munawaona liti?"

Pamenepo Make Mapasa anayamba kuthira tiyi mosamala kwambiri.

Sitolo yawo inali ya zomangira nyumba: simenti, malata, penti, misomali ndi maloko. Anaiyambitsa ndi madalawo, amene antchito ankawatchabe Bwana Wamkulu, ndipo mwamuna wa Make Mapasa, ndi imvi zake zomwe, ankatchedwa Bwana Wamng'ono, dzina limene linkamuwawa ngati nsapato yothina. Chidwalire matenda ofa ziwalo mbali imodzi, madala ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shedi ya simenti. Anawapititsako mongoyembekezera, ndipo kuyembekezerako kunali kutadutsa chaka. Chitseko ankachikhoma kunja, chichokere tsiku limene anadzikoka mpaka m'sitolo thalauza litanyowa, n'kuyamba kulangiza makasitomala za penti. Kuti asamanenedwe kuti ataya kholo, ana awo atatu anamangirira kamera pakona ya kachipindako, ndipo aliyense ankawaona bambo ake pafoni: Bwana Wamng'ono, mlongo wake wokhala kutsidya kwa msika, ndi mng'ono wawo wogwira ntchito kutali. Chakudya chinkachokera sabata ino kwa Make Mapasa, sabata yamawa kwa mlamu wakeyo, ndipo wolowetsa kontena ya chakudyacho ndi kutulutsa ndowa yodzithandiziramo anali wapageti. Make Mapasa sanatsutse pamene madala ankasamutsidwa, pakuti chipinda chawo cha m'nyumba chinapita kwa mapasa ake.

M'mawa womwewo analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Seva inali bokosi lakuda lokhala pansi pa desiki, lolira ngati firiji yakale, ndipo m'menemo ndi mmene munkasungidwa mitengo ya katundu, malisiti ndi zonse za sitolo. Pa sikirini, kamzere kosonyeza malo kanali katafiira mpaka kumapeto. Anayamba ndi zapafupi. Anakhuthula bini ya zofufutidwa, imene palibe anaikhuthulapo chigulire sevayo. Anachotsa mabakapu, makope osungira a zolemba za sitolo, a zaka zapita, n'kusiya atsopano okha. Anasesa timafayilo tambirimbiri timene seva imadzilembera yokha ikamagwira ntchito. Kenako anapeza zolemba za mwamuna wake: "mitengo yatsopano", "mitengo yatsopano yeniyeni", "mitengo yatsopano yeniyeni yomaliza", ndi ina yomaliza kachiwiri. Zimenezi anazifufuta ndi mtima wosangalala.

Pofika masana kamzere kaja kanali katabwerera m'mbuyo pang'ono, pulinta inayamba kutulutsa malisiti, ndipo Bwana Wamng'ono ananena kuti ankadziwa kuti zinali zithunzi. Sabata isanathe kanafiiranso.

Apa Make Mapasa anaimbira munthu wa makompyuta amene onse ankangomutcha Zimitsani, chifukwa vuto lililonse ankayamba ndi kunena kuti zimitsani muyatsenso. Tsikuli sananene zimenezo. Atamva zonse zimene mayiyo anafufuta, anamuuza kuti iye akulimbana ndi kukolopa pansi pamene denga likudontha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asiye kusesa chisawawa, asanje mafoda onse kuyambira yaikulu kutsika, alembe kukula kwa zapamwambazo, ndipo mawa aonenso kuti yanenepa ndi iti.

Sipanafunike n'kudikira mawa. Pamwamba penipeni panali foda ya dzina la manambala okhaokha, imene inali itadya malo kuposa zonse za sitolo kuziphatikiza. Mkati mwake munali makanema ondondozana, ndipo akuyang'ana choncho inabadwanso ina. Amene anadzamangirira kamera ija anailoza ku seva kuti izisungako zonse zimene ikuona, usana ndi usiku, ndipo sanauze munthu chifukwa palibe anamufunsa.

Anatsegula imodzi. Munali apongozi ake atakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lakufa lili pamwendo, lamoyo litagwira chitsulo cha bedilo. Anadikira kuti chinachake chichitike. Ataona kuti palibe, anathamangitsa kanemayo, ndipo chimene chinkayenda chinali kuwala kwa dzuwa kokha, kuchoka pakhoma kutsikira pansi. Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, mkono wa wapageti unalowa, unaika kontena, unakoka ndowa, chitseko chinatsekeka. Madala anatembenuzira mutu kuchitsekoko, pakamwa pakuyenda, koma kamerayo sinkajambula mawu. Anatsegula ya tsiku lina, ya sabata ina, ya mwezi wina, ndipo monsemo munali bedi lomwelo ndi mkono womwewo. Nkhope ya mwana wawo sanaipezemo ngakhale imodzi, ndipo yake yomwe munalibe. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu, chonsecho anali yekha mu ofesimo.

Madzulo, mapasa atapita kukalemba za kusukulu, anauza mwamuna wake kuti wodya malo uja wapezeka.

"Ndi ndani?"

"Bambo anu."

Bwana Wamng'ono anaika supuni pansi, kuganiza kuti akunyozedwa. Mkazi wake anamufotokozera za kamera ndi foda ija, ndipo iye atamvetsa anapumira m'mwamba n'kunena kuti basi, nkhani yaing'ono, afufute.

"Za miyezi yakale ndafufuta, koma mawa zidzadzanso," anatero Make Mapasa. "Ine ndikuti kamerayo ichoke, chitsekocho chitsegulidwe, munthuyo abwerere m'nyumba muno. Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo a mapasa. Munatuma kamera kuti izikakuonerani bambo anu, ndipo imakuuzani kuti ali bwino chifukwa sanagwe pabedi. Ine ndaona zimene imaona. Munthu uja amalankhula ndi chitseko."

"Mwalankhula ngati mlaliki, ndipo ine ndatembenuka mtima," anayankha mwamunayo. "Abwere. Chipinda chawo ndi chimene akugonamo anyamata anucho, muwauze abwerere pabalaza. Zofunda muzichapa ndinu, kuwasambitsa ndinu, ndowa muzitaya ndinu, chifukwa ine ndimakhala kusitolo. Anzanu a kwaya akabwera kudzayeserera nyimbo, muziwauza kuti fungolo ndi la penti."

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amenewo anabereka inu, sanabereke ine. Alongo anu ali ndi nyumba ya zipinda zosagonamo munthu."

"Alongo anga ali ndi amuna awo, ndipo amuna awo ali ndi pakamwa ngati panupa. Mwayankha nokha, amake mapasa. Aliyense akufuna madala akhale pabwino, bola pabwinopo pasakhale pake. Inu konzani seva, za bambo anga mundisiyire."

Make Mapasa anapeza kuti chifundo chake chinali ndi malire, ndipo malirewo anali pa ndowa. Anasonkhanitsa mbale n'kupita nazo kukhitchini.

Nkhani inapita pagulu la banja la pafoni, ndipo kumeneko inakhala masiku angapo ikuphikidwa. Mlamu wake wamkazi analemba kuti kamera ikachoka iye mtima sungakhale m'malo, pakuti sagona asanaone bambo ake. Wa kutali uja anakumbutsa onse kuti kamerayo anatumiza ndi iye, ndipo anafunsa ngati pali chimene ena akufuna kubisa. Za kugula disiki yaikulu yoonjezera malo m'sevamo Bwana Wamng'ono anakana, nati seva ndi ya sitolo, si chipatala. Za kutsegula chitseko palibe anaitchula, ndipo Make Mapasa, amene anaiyambitsa, sanaibwerezenso. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo pamene ankakambirana choncho pulinta inasiyanso kutulutsa malisiti.

Anamasula mfundoyo ndi Zimitsani. Anati kamerayo ikujambula khoma usana ndi usiku, ndiye khomalo ndi limene likuwadyera malo. Aiuze kuti izijambula pokhapokha kanthu kakagwedezeka, ndipo zopitirira sabata izifufuta yokha. Pafoni pazioneka chithunzi chomaliza mpaka kanthu kagwedezekenso, ndipo kakagwedezeka mafoni onse azilira kamodzi. Anamulangizanso kuti m'mawa uliwonse aziona kukula kwa fodayo, kuti isadzamudzidzimutsenso. Pomaliza anafunsa kuti kodi kamerayo ikulondera chiyani, simenti kapena malata.

"Simenti," anayankha Make Mapasa.

Ana a madala onse anavomera msanga, makamaka atamva kuti njirayi sidya bandulo. Make Mapasa anasintha zosinthazo yekha, koma Zimitsani anali atanena kuti ayese kaye ngati kamerayo ikumva kugwedezeka kwapang'ono kwa mbali yakutali ndi chitseko. Choncho anatenga kiyi pamsomali wa mu ofesi, anadutsa pabwalo pakati pa milu ya malata, n'kukatsegula kachipinda kaja.

Fungo linamulonjera pakhomo. Madala anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira. Mawu awo ankatuluka olemera, koma omveka. Anamuuza kuti alowe, ngakhale pokhala panalibe. Anafunsa ngati mapasa atalika, ngati padenga la shedi panakonzedwa, ndiponso ngati mwana wawo akugulabe misomali kwa munthu uja wa misomali yopindika. Make Mapasa anayankha zonse ataima chilili pakhomo, foni ili m'manja, kudikira kuti kamera igone kaye.

"Mwabwera kudzanditenga, mayi?"

"Ayi, bambo. Ndabwera kudzayesa kamera."

"Yafa?"

"Sinafe. Tikufuna tione ngati ikumva munthu akagwedezeka."

Madala anayang'ana pakona paja. Kenako anasiya chitsulo cha bedi n'kukweza dzanja lamoyo lija pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho, ndipo analisiya m'mwamba likunjenjemera mpaka mpongozi wawo ananena kuti yagwira.

"Chabwino," anatero madala. "Ntchito iziyenda."

Make Mapasa anaika foni m'thumba. Anawalonjeza kuti Lamulungu abwera ndi mapasa, adzawameta ndevu ndi kuwatulutsa panja aothere dzuwa. Ananena zimenezi ndi mtima wonse, ndipo pokhoma chitseko anakhoma mwakachetechete kuti madala asamve.

Lamulungu limenelo kwaya inali ndi alendo. Lotsatira mmodzi wa mapasa anadzuka ndi chifuwa, ndipo sikukanakhala kwanzeru kupita naye kwa munthu wodwala. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma Make Mapasa ankadziuza kuti Malamulungu sakutha.

Seva yokha ndiye inachira. Kamzere kaja kanatsika mpaka pansi, malisiti ankatuluka kasitomala asanamalize kulankhula, ndipo Bwana Wamng'ono anauza antchito onse kuti m'nyumba mwake muli injiniya. Anafika mpaka pomuuza mkazi wake kuti akhoza kubwezeramo zithunzi za ana. Munthu amene kale ankadzaza seva pa sabata imodzi tsopano ankangotenga kamalo kochepa, pakuti sankagwedezeka kawirikawiri. Mafoni ankalira m'mawa wapageti akalowetsa mkono, ankaliranso madzulo, ndipo ana a madala anazolowera kuyankha pagulu paja ndi mawu othokoza Ambuye osatsegula n'komwe kanemayo. Kutsegula kunkadya bandulo, ndipo zimene zinali m'katimo ankazidziwa kale.

M'sabata ina ya mlamu wake, Make Mapasa anaona kuti foda ya kamera yaonda poyerekeza ndi dzulo lake. Anakondwera, n'kuuza mwamuna wake kuti malo akuwonjezeka okha. Mwamunayo anati umenewo ndiye ukatswiri. Tsiku lomwelo mlamu wake analemba pagulu kuti bambo akugona bwino masiku ano, nthawi iliyonse akayang'ana amawapeza atafunda, ndiye kuti mankhwala atsopano aja akuthandiza. Kuti mafoni anali atasiya kulira palibe anazindikira, chifukwa chinthu chikasiya kulira sichiuza munthu.

M'mawa wotsatira fodayo inali itaondanso. Make Mapasa anali atatambasula kale dzanja kuti atseke sikirini pamene anaima. Zakale zinkafufutika zokha, izo ankadziwa, koma zatsopano zinayenera kumalowa m'malo mwake. Anatsegula fodayo n'kutsikira pansi. Fayilo yomaliza inali ya Lolemba madzulo, ndipo tsikulo linali Lachinayi.

Anaitsegula. Madala anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akuyang'ana chitseko. Anayang'ana nthawi yaitali, moti kamera inatsala pang'ono kuwasiya. Kenako anadzigoneka movutikira, anakoka bulangete ndi dzanja limodzi mpaka m'khutu, n'kutembenukira kukhoma. Kanemayo inathera pamenepo, ndipo chithunzi chimenecho ndi chimene chinali pamafoni a ana awo onse.

Anatenga kiyi pamsomali. Pabwalo anakumana ndi wonyamula simenti wina n'kumufunsa kuti wapageti ali kuti. Munthuyo anayankha kuti wapageti anapita kwawo Lolemba m'mawa, mkazi wake wadwala, ndipo anatsanzika kwa Bwana Wamng'ono pamene ankatsitsa malata mu lole. Abwana anamulola ndi dzanja. Geti ankatsegula ndi kutseka okha antchito, ndipo za kachipinda kaja palibe anawauza kanthu.

Pakhomo pa kanyumba ka wapageti panali makontena a mlamu wake, osanjikizana bwinobwino mmene wanjinga amene mlamuyo ankamutuma ankawasiyira tsiku lililonse, nyerere zikukwera ndi kutsika. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo madala anali nawo atatu. Make Mapasa sanathamange. Anayenda ngati mmene munthu amayendera akadziwa kuti kuthamanga kunafunika dzana.

Kiyi inavuta kulowa. Chitseko chitatseguka, ntchentche zinadzuka pawindo. Madala anali chigonere, atayang'ana kukhoma, bulangete lili m'khutu. Kapu ya madzi inali pansi pafupi ndi bedi, youma.

"Bambo," anaitana Make Mapasa. "Bambo, ndine."

Anayandikira n'kuwagwira paphewa. Linali lozizira, lolimba ngati thumba la simenti limene linagwidwa ndi mvula. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, misozi ikutsika yokha, ndipo anatulutsa foni kuti aimbire mwamuna wake. Koma foniyo inali italira kale, pamodzi ndi ya kusitolo, ya kutsidya kwa msika ndi ya kutali, pakuti kamera inali itamva kugwedezeka. Mauthenga anayamba kulowa iye asanapeze nambala.

"Adzuka madala athu, Ambuye alemekezeke," analemba mlamu wake. "Koma ndiye anagona tulo."

Wa kutali uja anatumiza timanja topemphera, nati awapatse moni.

Bwana Wamng'ono yekha ndiye anatsegula kanemayo, pakati pa kasitomala wa penti ndi wa maloko, ndipo anaona mkazi wake atakhala pansi pafupi ndi bedi.

"Amake mapasa ali komweko, ndawaona," analemba. "Poti mwafika kale, afunseni madala ngati pali chimene akusowa."